Chitenje Changa pa Mpikisano wa Njinga

Ine za njinga sindinkazitsata. Ozitsata ndi bambo a mwana wanga. Anakulira ku Mchinji, kumene njinga imanyamula matumba a chimanga, nkhumba yomangidwa miyendo ndi odwala opita kuchipatala. Ndiye atafika kuno ku Telford, kudziko la azungu, n'kuona pa foni kuti kuli anthu amene ntchito yawo ndi kupalasa basi, osanyamula kanthu, n'kumalipidwa, mutu unawazungulira. Akaweruka ku shifiti kunyumba yosamalira okalamba, amafikira pa sofa jekete asanavule, n'kumaonera anyamata owonda ngati bango akukwera mapiri a mayiko amene sitidzapondako.

Chimene chimawagwira mtima kwambiri ndi ngozi. Si kuti amakondwa munthu akagwa, ayi ndithu. Koma akagwa ambiri pamodzi, njinga n'kuunjikana ngati nkhuni, iwo amabweza vidiyoyo kambirimbiri kufuna kupeza wolakwa. Ankandifotokozera ine ndikuyamwitsa, kuti m'mipikisano imeneyi aliyense amaloza mnzake chala. Opalasa amati okonza mpikisano anawadutsitsa pamsewu wopapatiza. Okonza amati ana a masiku ano mabuleki anawaiwala. Ena amadzudzula mabwana a matimu, amene amawakalipira anyamatawo m'makutu pa kawayilesi kuti onse akhale kutsogolo, ngati kutsogoloko kungakwane gulu lonse. Ena amati ndi njinga zamoto za ojambula. Ndipo ankati wosavuta kumusenzetsa mlandu ndi woonerera wa m'mbali mwa msewu, chifukwa alibe timu yomuikira kumbuyo.

Ine ndinkangoyankha kuti eee, maso ali pa mwana.

Ndinene zoona, ndine mayi wamantha. Mwana wathu ndi wamkazi, woyamba, ndipo nthawi imeneyo anali atangoyamba kukhala yekha, asanakwawe. Akagona ndinkaika chala pamphuno pake kuti ndimve mpweya. Timapepala tonse ta kuchipatala ndinatiwerenga ngati ndikukalemba mayeso, ndipo satifiketi yanga ya ku koleji ya ku Blantyre, ya ntchito za muofesi, inangondithandiza kumva bwino mawu onse oopsa a m'timapepalamo. Koma kuposa matenda, ndinkaopa a sosho, anthu a boma oona za ana. Kutchalitchi nkhani zawo sizitha. Wakuti anamulanda ana chifukwa anawasiya okha n'kupita kushopu. Wakuti mwana wake ananena kusukulu kuti amayi anamutsina khutu. Palibe amene anaziona ndi maso ake, aliyense anangomva kwa mnzake wa ku Leicester kapena ku Luton, koma ine nkhanizo zinandilowa mpaka m'mafupa.

Tsiku lina tinamva kuti mpikisano waukulu wa akatswiri udutsa pamsewu wa kufupi ndi kwathu. Bambo a mwana anayesetsa kusinthana shifiti ndi anzawo, koma zinakanika. M'mawa akutuluka anandipempha ngati mwana wopempha switi, kuti ndipite ndikawajambulire pa foni, ngakhale pang'ono pokha, aone kuti anthu ajawa anapondadi msewu umene iwo amadikirira basi.

Puremu, kangolo kokankhira mwana kaja, ndinaisiya, poganiza kuti anthu achuluka. Ndinabereka mwana ndi chitenje changa chachikasu, n'kuyenda mpaka pamene msewu umatsetsereka kulowa mu raundabauti. Pamenepo panalibe mpanda wachitsulo, panali kachingwe kapulasitiki chabe ndi bambo wina wovala chovala chowala, wa wisulo pakhosi, woletsa anthu kulowa mumsewu. Pambali panga panali gogo wina wachizungu, atakhala pa kampando kopinda, fulasiki ili pamapazi. Anayamikira tsitsi la mwana, nandiuza kuti adikira kuyambira m'mawa chinthu chimene chidutse mofulumira kuposa kuyetsemula. Tinaseka.

Kunadutsa njinga zamoto za apolisi, kenako magalimoto, kenako kunakhala bata. Ndiye kunamveka mkokomo ngati wa njuchi zikusamuka. Pa foni sizioneka mmene anthu amenewa amathamangira. Mphepo yawo inandimenya pankhope, mitundu ya malaya inasakanikirana, ndipo ndisanakweze n'komwe foni ndinamva phokoso ngati thandala lonse la mbale lagwa.

Anagwa angapo. Ena anadzuka nthawi yomweyo, n'kudumphira pa njinga ngati palibe chachitika. Koma mmodzi anakhwekhwereka pa tala mpaka kudzaima pafupi ndi ife, chafufumimba. Kabudula wake wothina uja anang'ambika kuchokera m'chiuno mpaka pantchafu. Thako lonse linali pamtunda, khungu litasupuka, pofiira ngati nyama ya pa butchala. Sanagwedezeke. Anali mwana wamng'ono ndithu, msinkhu wa mlongo wanga wotsiriza. Ndipo anthu onse ozungulira anakweza mafoni.

Kwathu munthu akagwa pa ngozi zovala n'kung'ambika, mayi amene ali pafupi amamasula chitenje n'kumufunditsa. Safunsa kuti ndi mwana wa yani. Ndinaziona ndili wamng'ono pa Lunzu, minibasi itagunda bambo wa makala. Amayi ogulitsa tomato anathamanga akumasula zitenje m'chiuno, ambulansi isanaganiziridwe n'komwe. Munthu angavulale, koma asaonetse maliseche pagulu.

Sindinganame kuti ndinaganiza zonsezi. Manja anaganiza okha. Ndinamasula mfundo pachifuwa, ndinazungulitsa mwana kubwera kutsogolo, n'kumukhazika pamiyendo pa gogo uja osanena kanthu, mmene timachitira m'minibasi ukafuna kutulutsa chikwama, kungomupatsira mwana munthu amene wakhala naye pafupi. Ndinadutsa pansi pa kachingwe kaja, ndinatambasula chitenje, n'kumufunditsa mnyamatayo kuyambira m'chiuno.

Anatsegula maso. Anayang'ana ine, anayang'ana nsaluyo, n'kunena mawu a chinenero chimene sichinali Chingerezi. Kenako anaikankhira kumbali, n'kudzuka motsimphina, maso akusakasaka njinga yake. Munthu wina anatuluka m'galimoto akuthamanga ndi njinga ina, anamukweza, namukankha pamsana. Mnyamata uja anapita, thako lili pamtunda chomwecho, magazi akutsikira m'sokosi.

Apo m'pamene makutu anga anatseguka. Bambo wa wisulo uja ankaimba wisulo yake n'kumandikalipira kuti ndichoke mumsewu. Galimoto ina yonyamula njinga padenga inagwira mabuleki pafupi kwambiri ndi ine. Ndinathawira kuseri kwa chingwe, chitenje n'kutsala pa tala. Ndinapeza gogo uja akumuvinitsa mwana pamaondo, mwana atagwira magalasi awo akuseka. Anandiuza kuti ndisadandaule, mwana ali bwinobwino. Ndinamutsomphola m'manja mwawo. Ngakhale zikomo sindinanene, ndipo zimenezi zimandiwawa mpaka lero. Ndinayenda ulendo wonse wobwerera nditamukumbatira pachifuwa.

Madzulo bambo a mwana atafunsa za vidiyo, ndinawauza kuti anthuwo anadutsa mofulumira, sindinathe kujambula. Linali bodza la theka. Anakhumudwa pang'ono, koma anati si kanthu, aonera za pa TV.

Mawa lake ndinalandira foni kuchokera kwa anti ena a ku Walsall, mayi wa ku Zambia amene timapemphera nawo, amene amadziwa nkhani iliyonse isanachitike. Anati ndili pa foni ya aliyense. Munthu wina anajambula, ndipo kavidiyoko kanafika mpaka pa gulu la amayi a kutchalitchi. Ananditumizira. Kankayamba ine ndili kale pakati pa msewu, chitenje nditatambasula m'manja, njinga zili mbwee kumbuyo kwanga. Amene sanaliko akanaganiza kuti ndine ndinawagwetsa ndi nsaluyo, ndipo ndi zimene anthu analemba pansi pake. Ena ankati mayi ameneyu apezeke, alipitsidwe. Ena ankati anthu ngati amenewa ndi amene akupha masewerawa. Wina anangofunsa kuti mayiyu amafuna kuyanika zovala kapena.

Anti aja anaseka kaye za kuyanikazo. Kenako anatsitsa mawu.

"Koma iwe mwana wanga, nanga mwana unamusiya na ndani? Uziba ba sosho ba kuno mwamene balili."

Ndinaonanso kavidiyoko. Pakona ya kumanzere, kuseri kwa phewa la munthu wina, panali gogo uja, ndipo pamiyendo pawo panali mwana wanga, chipewa chake choyera chikuonekera bwinobwino.

Bambo a mwana atabwera ndinangowapatsa foni. Anayamba ndi kuseka mpaka kugwira khoma, n'kumanditchula kuti adokotala a zitenje, amene anachoka ku Blantyre kudzaphimba matako a azungu. Atandiyang'ana nkhope anasiya. Anakhala pansi, anafufuza zojambula za pa TV, zimene zinajambulidwa kuchokera m'ndege, n'kuziyendetsa pang'onopang'ono mmene amachitira nthawi zonse. Anandionetsa ndi chala. Msewu unkapapatira pa kachilumba ka simenti ka pakati, mnyamata wina anakhotera mkati kuthawa simentiyo, tayala lake lakumbuyo n'kukhudza lakutsogolo la mnzake. Onse anagwa ine ndidakali kadontho kachikasu kuseri kwa chingwe.

"Mwaona, amake mwana? Apa inu mulibe mlandu. Akakufunsani apolisi, ine ndikawaonetsa izi."

Ndinawabwezera ku kavidiyo koyamba kaja, n'kuika chala pakona.

"Gogo awa mumawadziwa?" anafunsa.

Ndinapukusa mutu. Anasisita phazi la mwana. Kenako anati ku Mchinji palibe amene akanafunsa funso limenelo. Ndinawayankha kuti amene adzafunse si a ku Mchinji.

Masiku otsatira sindinatuluke. Makatani ndinkatsegula theka. Chitseko cha galimoto chikamveka panja, ndinkathamangira kukasuzumira pa katani. Bambo a mwana ankabwera ndi nkhani zondilimbitsa mtima, kuti anthu andiiwala, tsopano akukangana za kachilumba ka simenti kaja, ena akuti okonza akanaikapo zotchingira zofewa, ena akuti mnyamata wokhota uja ndi wosasamala kuyambira kale. Anandiuzanso kuti amene ndinamufunditsa uja anamaliza mpikisano wa tsikulo, mabala anamumanga ali pa njinga pomwepo, akugwira zenera la galimoto ya dokotala. Zimenezo zinandisangalatsa pang'ono. Koma mlandu wa njinga unali utachoka pa ine n'kupita kwa ena, pamene wanga weniweni unali pakona ya kavidiyo, ndipo palibe ndege imene ikanandichotsera.

Kuno sikelo ya ana nthawi zina imabwera kunyumba. Pali namwino amene amayendera amayi a ana aang'ono, kudzayeza mwana ndi kufunsa mmene zinthu zikuyendera. Tsiku lake linali litakonzedwa kalekale, mpikisano usanachitike, koma m'mutu mwanga zinalumikizana. Ndinatsimikiza kuti kavidiyoko anakaona, ndipo akubwera kudzaona ngati ndine mayi woyenera kusunga mwana. Ndinakolopa nyumba ngati kukubwera apongozi. Ndinatsuka mpaka kuseri kwa firiji. Bambo a mwana anapemphanso kusintha shifiti, anakanizidwanso. M'mawa wa tsikulo anadzuka msanga, anasita kadiresi ka mwana, kanthu kakang'ono ngati mpango, akutembenuza mosamala timanja take pa ayironi. Potuluka anandigwira pamutu ngati akudalitsa, nanena kuti foni aisunga m'thumba la yunifomu ngakhale saloledwa.

Namwinoyo anali mayi wachikulire, wonenepa, wolankhula Chingerezi cha kuno chokokera mawu m'mphuno chimene poyamba sindinkachimva. Anavula nsapato pakhomo ndisanawapemphe. Anayala sikelo yawo pa kapeti, tinamuvula mwana, anamuyeza, nanena kuti akukula bwino. Anafunsa za phala, za tulo, za katemera. Ine ndinkayankha ngati ndili kukhoti, maso ali pa dzanja lawo, kudikira kuti atulutse nkhani imene anabwerera. Sanaitulutse. Anapinda sikelo, n'kundifunsa kuti nanga ineyo ndili bwanji.

Sindinathe kudikiranso. Ndinaganiza kuti bola ndinene ndekha kusiyana ndi kuti zioneke kuti andigwira ndikubisa. Ndinatulutsa foni, ndinawaonetsa kavidiyo, n'kufotokoza zonse mothamanga, za Lunzu, za mabala a mnyamata uja, za gogo amene dzina lawo sindilidziwa. Ndinawauza kuti ndikudziwa kuti kuno mwana sasiyidwa ndi munthu wachilendo, ndinawerenga, ndipo sindidzachitanso. Ndinawapempha kuti ngati pali kumene ayenera kukanena, andiuze bambo ake ali pomwepo.

Anali asanakaonepo kavidiyoko. Za mpikisano ankangodziwa kuti unawatsekera msewu tsiku limenelo n'kuwachedwetsa kwa mayi wina wa mapasa. Anakaonera kawiri, magalasi ali pansonga ya mphuno. Pa galimoto ija yogwira mabuleki anapumira m'mwamba. Anandiuza mosanyengerera kuti chimene chawaopsa ndi chimenecho, kuti ndikanagundidwa, ndipo ndisadzalowenso mumsewu wotero ngakhale munthu atagwa ali mbulanda. Ndinavomera. Ndinadikira zotsatira.

Anabwezanso kavidiyo, n'kuimitsa pa gogo uja. Anayang'ana nthawi yaitali, kenako anandiyang'ana ine.

"Kupatula inu ndi bambo ake, ndani wina amene amamunyamula mwanayu?"

Ndinayamba kuwerenga anthu m'mutu. Amayi anga anamuona pa foni pokha, amapsompsona galasi. Kutchalitchi amayi amatambasula manja, ine ndimanamizira kuti wangogona kumene, kuopa chimfine. Aneba athu timangopatsana moni pa masitepe. Ndinafufuza mwezi ndi mwezi kubwerera mpaka kuchipatala, ndipo ndinapeza kuti chichokereni m'manja mwa azamba, munthu woyamba kumunyamula mwana wanga anali gogo wa kampando kopinda uja. Kwathu mwana wa msinkhu umenewu akanakhala atadutsa pamsana pa mudzi wonse, mpaka amake kumufunafuna nthawi yoyamwa. Wanga ankadziwa manja anayi okha.

Ndinalira kulira kwenikweni, kwa mamina, pamaso pa mlendo. Mwana anandiyang'ana modabwa, n'kuyamba kukwinya kamlomo.

Namwinoyo sanandiletse. Atandiona kuti ndapuma, anandiuza pang'onopang'ono, kuti ndimve liwu lililonse, kuti palibe kumene akukanena, ndipo palibe amene akubwera kudzatenga mwana wonenepa chonchi kwa mayi amene amatsuka kuseri kwa firiji. Sindikudziwa kuti anaona bwanji. Anandiuza za amayi a ana aang'ono amene amakumana ku laibulale m'mawa wina pa sabata, kuimba tinyimbo ndi kudandaulirana za tulo, nati akufuna adzamve kuti ndinapitako. Anafunsanso kuti tiyi wotentha ndinamwa liti komaliza. Ndinaseka m'misozi momwemo, chifukwa makapu anga onse amazizira pawindo.

Kenako anatambasula manja.

"Ndimugwireko? Inu kadzipangireni tiyi."

Sabata yonse ndinali ndikuwaona manja amenewa m'maganizo, akutambasuka chomwechi, ine ndikukuwa pakhomo. Tsopano anali pamaso panga, a zala zonenepa, wotchi itatembenukira mkati. Thupi langa linakana. Ndinamva mikono ikumufinya mwana yokha. Iwo sanasendere pafupi, anangosiya manjawo ali chitambasulire.

Ndinamupereka. Mwana anapita mosavuta, n'kuyamba kulimbana ndi chingwe cha khadi la ntchito limene linali pakhosi pawo.

Khitchini yathu ndi yaing'ono, ndipo chitseko ndinachisiya chotsegula. Ndikuthira madzi m'ketulo ndinasuzumira. Ndikutenga kapu ndinasuzumiranso. Namwino ankamuuza mwana nkhani ya galu wawo wokalamba amene amaopa makina ochapira, mwana akuyankha zake za ba-ba-ba. Foni inanjenjemera pa tebulo. Anali bambo a mwana, atabisala m'chipinda chosungira matawulo kuntchito, akunong'ona kuti zikuyenda bwanji, mwana ali kuti.

Ndinawauza kuti ali m'manja mwa anesi pabalaza, ine ndili kukhitchini. Ndinamva mpweya wawo ukusintha.

"Akumutenga?"

"Ayi. Ndawapatsa ndekha. Ndikumwa tiyi."

Anati ndiye ndithire shuga wokwanira, osati wa chizungu, ndipo anadula chifukwa belu la wodwala linkalira. Ndinathira masupuni anga a kwathu. Ndinatsamira sinki, msana nditalozetsa kuchitseko, ndipo ndinamwa kapu yonse idakali yotentha, nditaigwira ndi manja awiri.